Opaleshoni ya pituitary pa mayi wa matenda a Cushing kuno ku Joni: mmene zayendera mpaka pano

Lipoti ili ndi la mayi wakwathu ku Malawi, anali ndi zaka 34 pomwe tinkayamba kuwaona, anapezeka ndi matenda a Cushing, omwe thupi limakhala ndi homoni ya cortisol yochuluka, ochokera mu pituitary, kachiwalo ka mahomoni ka pansi pa ubongo, anachitidwa opaleshoni yodzera m'mphuno pa chipatala china chaboma kuno ku Johannesburg ndipo tawatsatira zaka zitatu chichitikireni opaleshoniyo. Ine ndili ku kiliniki ya mahomoni, mpeni sindigwira ayi, ku fiyeta kunali anzathu a neurosurgery, a maopaleshoni a ubongo, ndi a ENT, a khutu, mphuno ndi mmero, nde zambiri zomwe ndilembe ndi za mbali yathu, kupeza matendawo ndi zomwe zinatsatira atatulukako ku fiyetako. Eni ake anavomera kuti ndilembe, dzina ndi zina zoti munthu angawadziwire ndachotsa.

Mmene anatipezera

Mayiwa amagwira ntchito ya pakhomo, amakhala ku Rosettenville ndi amuna awo, ana awiri ali kumudzi ndi agogo awo. Kwa ife anabwera ndi kalata yochokera ku kiliniki ya shuga. Anali pa metformin ndi insulin, mankhwala a BP mitundu itatu, koma BP imangokhalabe cha m'ma 160/100 ndipo HbA1c, yomwe imaonetsa mmene shuga yakhalira pa miyezi itatu yapitayo, inali 9.4%. Dokotala wachinyamata wakumeneko ndi amene anati ayi, munthu wa msinkhu umenewu shuga ndi BP sizingakanike chonchi popanda china kuseri kwake, anawapempha kuti awaone pamimba, ataona mizere ili pamenepo anangolemba kalata pomwepo.

Atafotokoza bwinobwino zinapezeka kuti zinayamba zaka zitatu m'mbuyomo kapena kuposerapo. Choyamba kunenepa, koma kunenepa kwake kwa pamimba, kumaso ndi kumbuyo kwa khosi, uku mikono ndi miyendo ikumka nionda. Akatumiza zithunzi kumudzi pa WhatsApp anthu ankati eee Joni yakuyanjanitu, ena kumanong'ona kuti ali ndi pakati poti kusamba nako kunali kutasiya, ena kumati ndi ma ARV amenewo. Iwowo chomwe chinkawasowetsa mtendere sikunali kunenepako, kunali kufooka kwa ntchafu. Akagwada kukolopa kapena akakhala pansi kuchapa, podzuka mpaka agwire khoma, pokwera takisi mpaka wina awakoke dzanja, ndipo ankaopa kuti madamu awo aona kuti ntchito yayamba kuwakanika. Akangodzigunda pang'ono pa kabati magazi kuundana pansi pa khungu, kabala kakang'ono kutha mwezi osapola, zithupsa ndi zipere zosatherapo, tindevu pachibwano, tulo osabwera, kupsa mtima pa zazii, kuiwala zomwe atumidwa kushopu. Msana nawo unkawawa chapakati, amuna awo anati akuona ngati afupikako.

Powayeza: nkhope yozungulira, mafuta kumbuyo kwa khosi ndi pamwamba pa mafupa a m'khosi, khungu la pamsana pa dzanja lopyapyala kwambiri ukalitsina, ndipo pa mpando sanathe kudzuka manja atapinda pachifuwa. Mizere ya pamimba ndi m'ntchafu inali yotakata kuposa sentimita imodzi. Apa ndiime pang'ono chifukwa anzathu ambiri amaphonyera pomwepa. Mabuku amalemba kuti mizereyo imakhala yapepo ndipo nkhope imafiira, koma zithunzi za m'mabukumo ndi za azungu, pa khungu lathu lakudali kufiirako sikuoneka ndipo mizere imangooneka yoderapo ndi yolowa mkati. Nde musamafune mtundu, onani kutakata kwake, kupyapyala kwa khungu ndi kufooka kwa ntchafu. Mizere ya uchembere imakhala yopyapyala ndi yotuwa ndipo siibwera ndi kufooka.

Tisanafike ku chotupa

Cushing yambiri yomwe timaona si ya chotupa, ndi ya mankhwala a steroid, omwe m'thupi amagwira ntchito ngati cortisol. Mafuta oyeretsa khungu okhala ndi clobetasol kapena betamethasone omwe amagulitsidwa m'misewu m'tauni muno, mapilitsi onenepetsa okhala ndi dexamethasone, prednisolone yemwe munthu anayamba chifukwa cha mphumu kapena nyamakazi n'kumangodzigulira yekha zaka ndi zaka, komanso munthu amene ali pa ma ARV okhala ndi ritonavir akamapopera fluticasone kapena budesonide, poti ritonavir amalepheretsa chiwindi kuchotsa steroid m'thupi. Mukafunsa mayi kuti mumadzola zoyeretsa akana basi, n'zamanyazi. Ine ndimangoti amayi ulendo wamawa mubweretse zonse zomwe mumadzola ndi kumwa mu jumbo, olo za azitsamba zomwe. Awa anabweretsa Vaseline, glycerine ndi mankhwala akuchipatala aja, panalibe china. HIV analibe, mimba panalibe, X-ray ya pachifuwa inali bwino. Sanali pa rifampicin wa TB kapena mapilitsi olera a oestrogen, ndipo izi n'zofunika kufunsa chifukwa zonse ziwiri zimanamiza mayeso a dexamethasone omwe ndifotokoze pansipa, rifampicin amachotsa dexamethasone m'thupi mwachangu, oestrogen amakweza cortisol yomwe timawerenga m'magazi.

Kwa omwe si a mbali ino: pituitary ili pansi pa ubongo kuseri kwa mphuno, kukula kwake pafupifupi sentimita imodzi. Imatulutsa ACTH, ACTH ndi imene imalamula ma adrenal, omwe ali pamwamba pa impso, kuti apange cortisol. Cortisol ikakwana pituitary imayenera kuchepetsa ACTH. Pa matenda awa pamakhala kachotupa mu pituitary komwe sikamva zimenezo, kamangotulutsa ACTH usana ndi usiku. Harvey Cushing, dokotala wa maopaleshoni a ubongo wa ku America, ndi amene analemba mu 1932 kuti zizindikiro zimenezi zikuchokera ku kachotupa ka mu pituitary. Mwa anthu omwe cortisol yochulukayo ikupangidwa ndi thupi lawo lomwe, pafupifupi 70 pa 100 gwero lake limakhala limeneli, ndipo amagwira akazi kwambiri kuposa amuna.

Tinawapatsa dexamethasone 1 mg kuti amwe 11 koloko usiku, magazi 8 koloko mmawa. Munthu wabwinobwino cortisol imatsika pansi pa 50 nmol/L, awa inali 412. Mkodzo wa maola 24 tinayeza kawiri, konse cortisol inali pafupifupi kanayi kuposa malire. Za mkodzozi zinavutako pang'ono poti munthu wogwira ntchito pakhomo pa eni sangamayende ndi chigubu cha mkodzo m'nyumba mwa abwana, tinagwirizana kuti aziyamba Loweruka madzulo kumaliza Lamulungu. ACTH inali pamwamba pang'ono pa malire, ndekuti vuto silili mu adrenal, likanakhala mmenemo ACTH bwenzi ili pansi penipeni. Potassium 3.7. X-ray ya msana inaonetsa mafupa awiri ataphwanyika n'kutitimira, sikani ya mafupa inatsimikiza kuti mafupa afooka kwambiri.

MRI inaonetsa kachinthu ka 5 mm kumanzere kwa pituitary. Mtima umafuna kungoti tapeza, koma ayi. Munthu mmodzi mwa 10 aliwonse oyenda mumsewu, opanda matenda aliwonse, mukamujambula MRI mupeza kachinthu kakang'ono mu pituitary, ndipo ACTH itha kuchokeranso kwina, makamaka ku kachotupa ka m'mapapo. Mukathamangira mutha kudula pituitary ya munthu pomwe vuto lili pachifuwa. Lamulo lomwe ambiri timatsata ndi loti kakakhala kochepera 6 mm kapena MRI ikapanda kuonetsa kanthu, pachitike IPSS, kakafika 10 mm palibe chifukwa, pakati apo ndi pokambirana. IPSS ndi yolowetsa timachubu m'mitsempha ya mu mphechepeche mpaka kukafika ku mitsempha yomwe imachotsa magazi ku pituitary, n'kuyerekeza ACTH yakumeneko ndi ya pamkono. Ikaposa kawiri musanabaye mankhwala kapena katatu mutabaya, gwero ndi pituitary. Tinabaya desmopressin kuti atakase kachotupako kutulutsa ACTH. Ya mayiwa inali ka 7 tisanabaye, ka 18 titabaya. Apa tsopano tinakhutira. Dziwani kuti IPSS ndi yodalirika pouza kuti ndi pituitary kapena ayi, koma pa zoti kumanzere kapena kumanja musaidalire kwambiri.

Kudikira ndi kukambirana

Anadikira miyezi ingapo pa mzere wa fiyeta. Alipo mankhwala otsitsa cortisol podikira, ketoconazole ndi metyrapone, koma awa sitinawapatse chifukwa potassium inali bwino, BP ndi shuga tinatha kuzigwirako powonjezera spironolactone ndi insulin, komanso mankhwalawo amasokoneza kawerengedwe ka cortisol opaleshoni ikachitika. Tinayamba calcium ndi vitamin D. Cushing imaundanitsa magazi m'mitsempha kuposa matenda ena a pituitary, nde jakisoni wa enoxaparin tinamuika pa ndondomeko kuyambira pachiyambi.

Tsiku lokambirana anabwera ndi amuna awo. Funso loyamba la bambowo linali loti adokotala, ndekuti muwaswa mutu? Ndinawauza kuti ayi bambo, amadzera m'mphuno, kunja sikuoneka chipsera. Njirayi si yatsopano, Hermann Schloffer anaichita ku Innsbruck mu 1907, ndipo m'ma 1960 Jules Hardy wa ku Montreal ndi amene anaonetsa kuti ndi microscope n'zotheka kuchotsa kachotupa kokha pituitary n'kuisiya. Masiku ano ambiri amalowa ndi kakamera. Manambala ndinawauza mmene alili: kachotupa kakakhala kakang'ono, kochepera 10 mm, ndipo dokotala wake akhale wozolowera ntchito imeneyi, pafupifupi anthu 80 pa 100 cortisol imatsika, kakakhala kakakulu ndi pafupifupi 60 pa 100. Mwa omwe yatsikawo ena matenda amabwereranso, malipoti amasiyana kwambiri, kuyambira 5 mpaka 35 pa 100, ndipo pafupifupi theka la iwo zimachitika mu zaka zisanu zoyambirira, enawo mochedwa kuposa apo. Zoopsa zake: madzi a muubongo kudontha m'mphuno, meningitis, kukodza kosalekeza, mahomoni ena a pituitary kuzima, magazi kuundana, ndipo mwa apo ndi apo kuvulaza mtsempha waukulu wa carotid womwe umadutsa pafupi. Ndinawauzanso kuti opaleshoni ikayenda bwino adzamva kuipa asanamve bwino. Anavomera ndi mutu onse awiri koma zinaoneka pambuyo pake kuti mawu amenewa munthu samawamvetsa mpaka zitamuchitikira.

Ku fiyeta ndi sabata yoyamba

Malinga ndi zomwe analemba a neurosurgery, analowa ndi kamera kudzera m'mphuno ndi mu sphenoid sinus, mphako ya m'fupa kuseri kwa mphuno, anapeza kachotupa koyera kofewa kumanzere komwe MRI inaonetsa, anakachotsa ndi kamphepete kochepa ka pituitary yabwino. Madzi a muubongo anadontha pang'ono, anatseka ndi mafuta omwe anatenga pamimba. Ku labu kachotupako kanatsimikizika kuti ndi adenoma, chotupa chosakhala khansa, yopanga ACTH. Zimenezi zimatilimbitsa mtima, labu ikapanda kupeza chotupa mu zomwe zachotsedwazo mwayi woti matenda atsala umakhala wokulirapo.

Ife sitipereka steroid ku fiyeta kwa odwala awa, timafuna tione cortisol ikugwa yokha, nde timayeza maola 6 aliwonse uku manesi akuyang'anira BP, hydrocortisone, yemwe ndi cortisol ya mankhwala, ali pafupi. Madzulo a tsiku la opaleshoni inali 640, mmawa mwake 210, mmawa wa tsiku lachiwiri 41. Nthawi imeneyo n'kuti akudandaula nseru, chizungulire, mutu, BP itatsika kufika 95/60. Tinabaya hydrocortisone 100 mg, kenako mapilitsi. Cortisol ya mmawa yochepera 55 nmol/L m'masiku oyambirira ndi chizindikiro chabwino kwambiri cha remission, kutanthauza kuti matenda agona, ena amavomereza mpaka 138. Chifukwa chake n'choti maselo abwino a pituitary omwe amapanga ACTH akhala ataponderezedwa zaka, nde kachotupa kakachoka konse palibe wotsala wopanga ACTH, cortisol imagwa mpaka pansi. Ikangotsika kufika pa mulingo wa munthu wabwinobwino, wodwala akumva bwino, achibale akusangalala, ife m'pamene timada nkhawa kuti mwina katsalako. Komabe osathamangira kubwerera ku fiyeta chifukwa alipo ena omwe imatsika pang'onopang'ono pa masabata angapo.

Usiku woyamba anakodza kuposa 300 ml pa ola kwa maola angapo motsatizana, mkodzo woyera mbuu, ludzu losatha, sodium 148. Ndi diabetes insipidus imeneyo, yomwe kuyambira 2022 ikutchedwanso AVP deficiency, si ya shuga ayi, ndi kuchepa kwa ADH, homoni yotuluka ku pituitary yomwe imauza impso kusunga madzi. Desmopressin kamodzi kokha zinakhazikika. Anatuluka tsiku lachisanu. Tsiku lachisanu ndi chitatu anabwerera ndi mutu ndi kusanza, sodium 127. Izi timaziyembekezera kumapeto kwa sabata yoyamba, ADH yomwe inasungidwa imatuluka yambiri nthawi imodzi thupi n'kusunga madzi. Choyamba tinatsimikiza kuti hydrocortisone akumwadi poti kuchepa kwa cortisol nako kumatsitsa sodium, kenako tinachepetsa zakumwa kufika lita imodzi pa tsiku, patatha masiku atatu inabwerera 136. Chomwe chinawonjezera vutoli n'choti mlamu wawo, pofuna kuthandiza, ankawakakamiza madzi ndi thobwa kuti mankhwala achoke m'thupi. Pano timauza wodwala aliyense kuti sabata ziwiri zoyambirira amwe pokhapokha akamva ludzu.

Malamulo a m'mphuno: osamina, poyetsemula kukamwa kukhale kotsegula, osawerama, osanyamula zolemera kwa masabata 6, ndipo akaona madzi oyera amchere akudontha m'mphuno abwere tsiku lomwelo. Kulemba n'kosavuta, koma ntchito ya mayiwa ndi kuwerama ndi kunyamula basi. Anapeza mnzawo wa kutchalitchi wowagwirira kuti malo asapite, malipiro n'kumagawana.

Miyezi yowawa

Apa ndi pomwe malipoti ambiri amadumpha, amangolemba kuti cortisol 41, remission, wodwala watuluka ali bwino. Mayiwa pa mwezi woyamba anabwera ku kiliniki akulira. Thupi lonse kuphwanya, m'mawondo ndi m'mapewa kuwawa, khungu kusupuka, chakudya osachifuna, kugona masana onse, mtima kungokhala wosweka popanda chifukwa. Anati adokotala bola kale lija ndinkatha kuyenda. Bambowo anali okwiya ndithu, kuti mwawononga munthu. Hydrocortisone anali kumwa bwinobwino, 20 mg mmawa ndi 10 mg masana, sodium ili bwino, BP ili bwino, chithokomiro chili bwino. Vuto ndi loti thupi lomwe lakhala zaka likusambira mu cortisol yochuluka, mukalibweza pa mulingo wamba limamva ngati lalandidwa. Zimatenga miyezi. Mankhwala ake enieni kulibe, timangotsitsa hydrocortisone pang'onopang'ono, osati mothamanga komanso osati kumusiya munthu pa mulingo waukulu mpaka kalekale chifukwa mukatero mukumubwezera Cushing yomweyo ndi manja anu. Bambowo ndinawafotokozera kuti ng'ombe zomwe zakhala m'khola zaka zitatu osakoka ngolo simungazimange goli lero n'kuyembekeza kuti zifika kumsika, ma adrenal ndi pituitary ya akazi anu zili pomwepo, mapilitsiwa ndi amene akukoka ngolo pakadali pano. Pa mwezi wachitatu tinali pa 10 mg mmawa, 5 mg masana, 5 mg cha m'ma 4 koloko.

Uku akudandaula choncho manambala ankayenda bwino. Insulin tinasiya pa sabata yachitatu, shuga inali itayamba kutsikitsa mmawa. Mankhwala a BP anachoka pa anayi kufika pa amodzi. Pa miyezi 6 anali atatsika makilo 11, nkhope itabwerera moti pa chithunzi cha pa pasipoti ankaonekanso kuti ndi iwowo, HbA1c 6.3% pa metformin yekha. Kusamba kunabwerera pa mwezi wachisanu, ndipo tinakambirana zakulera tsiku lomwelo chifukwa amayi ambiri amakhala atazolowera kuti sangatenge pakati. Anasankha lupu, zomwe zinatikomera poti za oestrogen zikanasokoneza mayeso athu komanso kuwonjezera chiopsezo cha magazi kuundana. Ntchafu ndi zomwe zinachedwa, mphamvu zinayamba kuoneka chaka chitatsala pang'ono kukwana.

Ulendo wa kumaliro

Pa mwezi wachisanu ndi chiwiri mayi awo omwe ankasunga ana aja anamwalira. Anakwera basi pa Park Station mawa lake lomwe, njira ya Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, ndi mapilitsi a masabata atatu omwe anatsala nawo. Kumudzi zinatalika, panali zoti ana akhala ndi ndani, ndalama yobwerera nayo inachedwa. Mapilitsi atatsala pang'ono anayamba kumwa limodzi pa tsiku kuti atalikitse, kenako anatha. Azakhali awo anati mwana wanga opaleshoni anakuchita, wachira, taona mmene waphweramu, mapilitsi ndi achiyaninso. Masiku angapo anangokhala ofooka, anthu n'kumati ndi chisoni cha maliro. Kenako anadwala malungo, kusanza, kutsegula m'mimba, mpaka anakomoka.

Chinawapulumutsa ndi khadi. Wodwala aliyense wa hydrocortisone timamupatsa khadi yoti aziyenda nayo, ndipo ya awa ndinalembanso kuseri m'Chichewa kuti munthuyu thupi lake silipanga cortisol, akadwala kwambiri kapena akakomoka abayidwe hydrocortisone 100 mg nthawi yomweyo ndi dilipi ya saline, osadikira zotsatira za magazi. Mchemwali wawo anaipeza m'chikwama n'kuipereka pa chipatala cha boma chomwe anathamangira nawo. Clinical officer yemwe anawalandira anawerenga n'kuchita zomwezo, anawonjezera glucose poti shuga inali pansi, n'kuyamba artesunate wa malungowo. Malinga ndi zomwe zinalembedwa m'buku lawo la kuchipatala, BP pofika inali 70/40, patatha maola ochepa anatsitsimuka. Potuluka mapilitsi a hydrocortisone panalibe, anawapatsa prednisolone 5 mg kamodzi mmawa, ndipo anachita bwino kwambiri chifukwa 5 mg ya prednisolone ikufanana mphamvu ndi 20 mg ya hydrocortisone. Munthu ameneyo sindimudziwa koma ntchito anaigwira.

Ine ndimaona kuti kwa matchona ngozi yaikulu ya opaleshoni imeneyi siili ku fiyeta, ili pa ulendo ngati umenewu. Maliro sapangana tsiku, munthu amanyamuka usiku, ndipo amene opaleshoni yamuyendera bwino kwambiri, cortisol yake ili pansi penipeni, ndi yemweyo amene angafe mapilitsi akamuthera. Atabwerako tinakhala pansi ndi onse awiri n'kubwerezanso: akatentha thupi mulingo uwirikizidwe kawiri mpaka achire, akasanza kawiri motsatizana osasunga piritsi ndi jakisoni ndi kuchipatala, m'chikwama muzikhala mapilitsi apadera a mwezi wathunthu osakhudzidwa, ndipo hydrocortisone akasowa prednisolone alowe m'malo, osangokhala. Bambowo anaphunzira kubaya pa ntchafu. Tinawauzanso kuti akadzapezeka ndi TB n'kuyamba rifampicin mulingo wa steroid uyenera kukwezedwa, awauze adokotala akumeneko.

Pomwe tili

Cortisol ya mmawa tinkaiyeza miyezi itatu iliyonse, asanamwe piritsi la tsikulo. Pa miyezi 6 inali 62, pa miyezi 12 inali 180, pa miyezi 15 inafika 335, tinachita mayeso a Synacthen 250 mcg, jakisoni wogwira ntchito ngati ACTH, ndipo ma adrenal anayankha bwino, nde tinatsitsa mapilitsi kwa masabata angapo mpaka kusiya. Ambiri zimawatengera pakati pa miyezi 6 ndi 18, ena kuposa. Kuchedwa kumeneku sikoipa, amene ma adrenal awo amadzuka msanga kwambiri m'miyezi yoyambirira ndi omwe matenda amakonda kuwabwerera. Mahomoni ena a pituitary onse ali bwino. MRI ya pa miyezi itatu ndi ya chaka chatha sizikuonetsa chotsalira.

Zomwe sizinabwerere nazo zilembedwe. Mafupa awiri a msana aja ali chomwecho, msinkhu womwe unapita wapita, ndipo akachapa tsiku lonse msana umawawa. Sikani ya mafupa yasinthako koma sinafike pabwino. Mizere yatuwa koma ilipo. BP akumwabe amlodipine, metformin akumwabe. Amati kuiwala kwachepa koma mutu sunabwerere mmene unalili kale, ndipo izi timazimva kwa odwala ambiri a Cushing olo patapita zaka. Chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko sichitheratu cortisol ikatsika, nde kolesterolo, BP ndi shuga tikuziyang'anabe ngati kale.

Chaka chilichonse timayeza cortisol ya m'malovu a pakati pa usiku, chifukwa matenda akamabwerera chimayamba kusokonekera ndi chimenecho, cortisol imasiya kutsika usiku, mkodzo umadzaonetsa mochedwa. Chaka chino imodzi mwa ziwiri inatuluka pamwamba pang'ono pa malire. Titafunsitsa zinapezeka kuti madamu awo ali ndi khanda ndipo mayiwa masabata amenewo ankagona komweko n'kumadzuka nalo usiku, ndipo mayeso a malovu sagwira kwa munthu amene sakugona usiku. Tinachita a dexamethasone, cortisol inatsika kufika 31, mkodzo uli bwino, sikelo sinasunthe. Ndikukhulupirira kuti ndi tulo chabe koma sindinatseke nkhaniyo, tibwereza malovu pakatha miyezi 6 akabwerera pa kagonedwe kawo. Zikadzapezeka kuti matenda abwereradi, njira zilipo: opaleshoni yachiwiri ngati MRI yaonetsa pogwira, ngakhale mwayi wake umachepa ndipo chiopsezo chozimitsa mahomoni ena chimakwera, radiotherapy yomwe imatenga zaka kuti igwire, mankhwala monga ketoconazole, metyrapone, osilodrostat, cabergoline kapena pasireotide, womalizayu ndi woipa pa shuga nde kwa awa sangakhale woyamba, ndipo pomaliza kuchotsa ma adrenal onse awiri, komwe kumathetsa cortisol tsiku lomwelo koma munthu amakhala pa hydrocortisone ndi fludrocortisone moyo wonse ndipo chotsalira cha mu pituitary chitha kukula, zomwe zimatchedwa Nelson syndrome. Kwa munthu amene akufuna kukakhala kumudzi njira yomalizayi ndingaiganizire kawiri.

Ndipo akufunadi kubwerera, akuti chaka chamawa, ana alibe wowasunga. Kalata yomwe tikukonza yoti apite nayo ili ndi lipoti la fiyeta, la labu, ma CD a MRI ndi manambala onse a cortisol, ndipo ndalembamo kuti kamodzi pachaka achite mayeso a dexamethasone 1 mg pa chipatala chachikulu, Queen Elizabeth ku Blantyre ndiye chili kufupi ndi kwawo, kuphatikizapo BP, shuga ndi sikelo miyezi itatu iliyonse pa chipatala chapafupi. Ndawauzanso kuti azijambulitsa nkhope pa foni mwezi uliwonse, malo omwewo kuwala komweko, ndipo nkhope ikayamba kuzungulira, kusamba kukasiya kapena podzuka pansi akayambanso kugwira khoma asadikire tsiku la chaka lija.